Malangizo kwa Magulu a M'madera a M'boma la Mwanza pa Kasonkhanitsidwe ka Ndalama

Magulu ambiri a m'madera a mafumu aakulu Kanduku, Nthache ndi Govati amasamalira ana amasiye, okalamba ndi sukulu za mmera mpoyamba. Ntchito imeneyi imafuna ndalama, ndipo munthu amapereka ndalama kumene akukhulupirira kuti sizisowa. Choncho gulu lililonse liyambe lakonza m'nyumba mwake lisanatambasule dzanja.

Choyamba, gulu lidziwike mwalamulo. Gulu la m'mudzi likhale ndi malamulo ake olembedwa, lidziwitse mfumu ndi komiti ya chitukuko ya m'mudzi, kenaka likalembetse ku ofesi yoona za chisamaliro cha anthu ku khonsolo ya Mwanza. Mabungwe omwe si aboma amalembetsa ku NGORA, motsatira lamulo la mabungwewa lomwe linakonzedwanso m'chaka cha 2022.

Chachiwiri, gulu liyambe ndi chuma chimene lili nacho pafupi. Mwanza ndi kwawo kwa manachesi ndi nandolo. Mlimi amene alibe ndalama m'thumba mwezi wa Januwale angathe kupereka dengu la manachesi m'nyengo yozizira, kapena ndowa ya nandolo pa nthawi yokolola. Gulu ligulitse zokololazo pamodzi, ndipo wothandiza wakunja akadzabwera adzapeze eni dera atayamba kale.

Chachitatu, pempho litchule chinthu chenicheni. Amalonda a pa boma, a ku Thambani ndi a pa chipata cholowera ku Zóbuè amamva msanga pempho la malata ofolerera chipinda chimodzi chophunziriramo kusiyana ndi pempho longoti "tithandizeni". Kalata ifotokoze vuto, chiwerengero cha anthu amene apindule, mitengo ya zipangizo, gawo limene gulu lasonkha kale, ndi tsiku lomalizira ntchito. Wopereka simenti kapena galimoto yotutira mchenga alembedwe m'kaundula ngati wopereka ndalama.

Chachinayi, ndalama zisagone m'nyumba ya munthu. Gulu litsekule akaunti ya ku banki m'dzina lake, yosainira anthu atatu osakhala pachibale, ndipo potapa ndalama pasaine awiri. Ngati thandizo likubwera pa Airtel Money kapena TNM Mpamba, monga kuchokera kwa abale amene ali ku Joni, nambala ikhale imodzi yodziwika kwa onse, ndipo uthenga uliwonse wa ndalama ulembedwe m'kaundula tsiku lomwelo. Wopereka aliyense alandire lisiti.

Gulu lofuna kuchita ndawala mu msewu wa M6, momwe mumadutsa magalimoto akuluakulu opita ku Tete, lidziwitse bwanamkubwa wa boma ndi apolisi kudzera m'kalata nthawi ikadalipo. Ana asatumidwe kukapempha ndalama m'misewu kapena m'misika. Chenjeraninso ndi anthu amene amalonjeza thandizo lalikulu koma nkumafuna kuti muyambe mwawalipira.

Pomaliza, ntchito ikatha atsogoleri aitanitse msonkhano wa m'mudzi, awerenge poyera ndalama zimene zinalowa ndi zimene zinatuluka, aonetse malisiti, ndi kuthokoza opereka. Kaundula yemweyo ndi amene gulu lidzaonetse likadzafuna thandizo lina. Ofuna uphungu wa kalembedwe ka malamulo a gulu kapena kasungidwe ka kaundula afike ku ofesi ya chisamaliro cha anthu kapena ya chitukuko cha m'madera ku khonsolo ya Mwanza.