Gasi wophikira: maso pa sikelo

Mapiri amene tinkadulamo mitengo yomangira nyumba tili anyamata, lero ali mbee. Nkhalango za Namizimu ndi Phirilongwe zikutha ndi makala, ndipo mvula ikagwa, dothi la m'minda mwathu limakathera m'nyanja n'kukwirira malo oswanirana chambo. N'chifukwa chake mabanja ena atayamba kuphikira gasi, ife tinati zili bwino. Nafenso tinagula silinda ya makilogalamu 6, mayi a kunyumba atatopa ndi utsi m'maso.

Koma tamvani. Mwezi wa Ramadhan silinda ija inatithera msanga modabwitsa, mpunga wa daku uli pamoto. Titakadzazitsanso, tinadzera kwa mnzathu wogula mbewu kukaiika pa sikelo yake. Gasi anali wopereweratu, chonsecho tinalipira ndalama ya silinda yodzaza. Titabwerera, wogulitsa uja anangoti mwina yadontha panjira. Lisiti tinalibe, ndiye tikanatani?

Silinda iliyonse imakhala ndi nambala yosonyeza kulemera kwake ikakhala yopanda kanthu, kawirikawiri pa chogwirira. Nambala imeneyo muiphatikize ndi makilogalamu amene mwalipira, ndipo sikelo iwerenge chimodzimodzi inu mukuona. Osatuma mwana yekha ayi. Lisiti musaisiye, ngakhale yolembedwa pamanja.

Za mtengo, wogulitsa sangotchula mmene wadzukira. Bungwe la MERA ndi limene limalengeza mtengo wa kilogalamu imodzi umene sayenera kupitirira, monga limachitira ndi petulo ndi palafini. Gasiyu amachokera kunja ndipo amagulidwa ndi madola, choncho kwacha itagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, zinthu zoterezi zinakwera. Pamenepo tikumva. Koma dola siichotsa gasi m'silinda, amachotsa ndi munthu.

Kodandaula kulipo: ku MERA komweko, ku Competition and Fair Trading Commission, ndi ku CAMA, bungwe loyankhulira ogula. Zoyeza masikelo ndi za a Malawi Bureau of Standards. Vuto n'lakuti malikulu awo ali ku Lilongwe ndi ku Blantyre, ndipo msodzi sangasiye chilimira kukatsata kilogalamu imodzi. Bwanji makomiti a m'mizikiti ndi a m'madoko azisonkhanitsa malisiti n'kulemba kalata imodzi? Ya anthu makumi awiri sangaiponye pansi ngati ya munthu mmodzi.

Surat Al-Mutaffifin, imene ana athu amaloweza ku madrasa, imachenjeza opungula muyezo. Pamene tikuloza chala wa gasi, tisaiwale mabigili a usipa ophwanyidwa kunsi amene timawaona padoko, ena mwa eni ake tikuswali nawo mzere umodzi.

Lachisanu likubwerali, tikatha Jumu'ah, sikelo ija idzakhala pakhonde la mzikiti, Insha Allah. Amene mwangodzazitsa kumene, bwerani nayo silinda yanu.