Mmene Mungakonzele Kapepala Kolengeza Nyumba Yogulitsa Kapena ya Lendi

Pa mabolodi a zidziwitso m'masitolo a mu Lusaka, Chipata ndi m'matauni ena pamakhala timapepala tambili tolengeza nyumba ndi mapuloti. Tocepa cabe ndi timene timawelengedwa, cifukwa munthu wodutsa amangoponyapo maso kwa kamphindi, ndipo akaona mau othithikana amapitilila.

Wofuna nyumba amakhala ndi mafunso anai: ili kuti, mtengo wake ndi wotani, ili ndi mapepala otani, ndipo alankhule ndi ndani. Kapepala kabwino kamayankha mafunso amenewa motsatana.

Pamwamba payenela kukhala mzele umodzi wa zilembo zikuluzikulu wochula mtundu wa nyumba ndi dela lake, mwacitsanzo, nyumba ya zipinda zogona zitatu ku Chilenje. Pansi pake paikidwe cithunzi cimodzi cacikulu coonetsa kutsogolo kwa nyumbayo, cojambulidwa masana. Pa pepala la A5, limene ndi mamilimita 148 m'lifupi ndi 210 m'litali, zithunzi zinai kapena zisanu zimacepa kwambili moti palibe cooneka bwino.

Mtengo ulembedwe poonekela. Ngati ndi ya lendi, muchule ndalama za pamwezi ndi miyezi yolipililatu, komanso za madzi ndi malaiti.

Pogulitsa, nkhani ya mapepala ndiyo yaikulu. Lamulo la Lands Act la mu 1995 limati malo onse ali m'manja mwa mtsogoleli wa dziko m'malo mwa anthu, ndipo boma limapeleka malo kwa zaka zosapitilila 99. Conco kapepala kanene ngati malowo ali ndi Certificate of Title, kapena ngati ali m'dela la mfumu.

Mitundu iwili ya zilembo ndi yokwanila. Zilembo zakuda pa pepala loyela zimawelengeka ngakhale kapepala katacitidwa fotokope, ndipo mipata yosalembedwa imathandiza maso kupeza mtengo msanga. Nambala ya foni ikhale pansi, payokha.

Amene amagulitsila ena nyumba alembe nambala yao ya kalembela, pakuti lamulo la Estate Agents Act la mu 2000 limafuna kuti akhale olembetsedwa ku bungwe la Zambia Institute of Estate Agents. Nalonso lamulo loteteza ogula la mu 2010 limaletsa kusoceletsa anthu polengeza malonda, motelo cithunzi ndi mau onse ziyenela kugwilizana ndi zimene wogula akapeze akafika pa nyumbayo.