NKHONDO YA TIZOMBO PA TEBULO

Aliyense wodziwa nsolo adziwanso kuti nsolo saseweredwa cimodzimodzi m'midzi yonse, ndipo mlendo wanzeru amayamba wafunsa malamulo a pamalopo asanagwire mwala. Madzulo ano tikamba za masewera ena ofuna nzeru yomweyo, ndiwo masewera a tizombo ta m'mlengalenga, amene anthu a ku England, a ku America ndi a m'maiko ena amasewera pa tebulo.

Tizombo timeneti ndi tifanizo ta citsulo kapena ta pulasitiki, tambiri totalika ngati cala, toimikidwa pa kamtengo kuti tioneke ngati tiri kuuluka. Tebulo ndilo mlengalenga. Wosewera aliyense ali ndi gulu lace la zombo, rula yoyesera mtunda ndi madaisi oweruza ngati mfuti yalasa. Nkhondoyo ndi yongopeka, koma maganizo amene ifuna ndi enieni.

Titenge citsanzo ca masewera ochedwa Full Thrust, amene Jon Tuffley wa ku England anaturutsa m'caka ca 1991. M'menemo anthu sasunthana mmodzimmodzi monga pa nsolo. Onse awiri amayamba alemba mobisa pa pepala kumene combo ciriconse cidzapita, kenaka naulula pamodzi ndi kusuntha zombo monga analembera. Cimene mwalemba, mwalemba. Mukaganiza kuti mdani adzakhotera kumanzere koma iye nakhotera kumanja, mfuti zanu zidzaloza popanda kanthu. Zombo zikatha kusuntha ziomberana. Mfuti yaikuru iponya madaisi 3 pa mdani amene ali mkati mwa mainchi 12, madaisi 2 kufikira mainchi 24, ndi daisi 1 kufikira mainchi 36. Pa combo copanda cochinjiriza, daisi likagwa pa 4 kapena 5 ndi bala limodzi, likagwa pa 6 ndi mabala awiri.

Tsono tizombo tomweto tingayende m'njira ziwiri. Njira yoyamba ndiyo ya m'kanema, m'mene combo cimapita kumene mphuno yace yaloza, monga ndege. Mbali zokhoterako ziri 12, ngati manambala a pa koloko. Combo ciriconse ciri ndi nambala ya mphamvu ya injini yace, ndipo cingakhote ndi theka lokha la mphamvuyo. Combo ca mphamvu 4 cothamanga mainchi 8 cingakhote mbali 2, ndipo mphamvu 2 zotsala cingaonjezere nazo liwiro kufika mainchi 10. Njira imeneyi munthu angaiphunzire madzulo amodzi, ndipo ndiyo yoyenera oyamba kumene.

Njira yaciwiri itsata camuna ceniceni ca m'mlengalenga, cimene Isaac Newton analongosola m'caka ca 1687: cinthu coyenda cimapitirirabe kumene cinali kupita kufikira mphamvu yina itaciletsa. Inu a pansi pa mgodi mudziwa kuti ngolo yodzala miyala siima pomwepo mukaleka kuikankha. Kumwambako kulibe njanji kapena mpweya wogwira combo, cotero siciima konse. M'njira iyi combo cingatembenuze mphuno kuyang'ana kumbuyo ciri kupitabe kutsogolo, ndi kuombera mdani woculondola. Koma kuti ciime ciyenera kutembenuka ndi kuyatsa injini molimbana ndi ulendo wace. Combo ca mphamvu 4 cothamanga mainchi 12 cifuna maulendo 3 a kusewera kuti ciime, osawerengera kutembenukako. Wosasamala amaona zombo zace zikuturuka pa tebulo nkhondo isanayambe n'komwe. Njirayi ndi yobvuta, koma ikondweretsa anthu okonda kuwerengera za patsogolo.

Pali kusiyananso pa colinga ca nkhondo. Ambiri amayamba ndi nkhondo ya mphamvu zofanana. Combo ciriconse ciri ndi mtengo wace m'mapointi, ndipo awiriwo amapangana ciwerengero cimodzi. Wina angasankhe zombo zazikuru ziwiri, mnzace nasankha zazing'ono zisanu ndi cimodzi; wotsala ndi zombo ndiye wapambana. Ena akatopa nazo amasewera nkhondo ya nchito. Mwacitsanzo, mmodzi aperekeza zombo za katundu kucokera ku mbali yina ya tebulo kufika ku yinzace, mnzace nayesa kuziononga. Pamenepo munthu angataye zombo zace zonse za nkhondo napambanabe, malinga katundu wafika. Njira yacitatu ndiyo nkhondo yaitali ya milungu yambiri, yoyenera anthu anai kapena asanu okumana kawirikawiri. Amajambula mapu a nyenyezi nalimbirana malo, ndipo combo coonongeka Loweruka lino sicidzakhalapo Loweruka la mawa. Apa munthu amaphunzira kuthawa nkhondo yosapindula, pakuti mkamwini asamalira mbeu ya caka ca mawa. Amene amasewera motere amacenjera kuposa amene adziwa kuti zombo zace zidzauka zonse mawa.

Masewera ena anasankha njira zao. Star Fleet Battles, a m'caka ca 1979 ku America, amaseweredwa pa pepala logawidwa m'tizipinda ta ngondya 6 ngati cisa ca njuci, ndipo mwini combo amagawa yekha mphamvu ya injini ku mfuti, ku zochinjiriza ndi ku ulendo. Nkhondo ya zombo zowerengeka ingadye madzulo onse. Star Wars: X-Wing, a m'caka ca 2012, anafupikitsa zonse. Tizombo tinali kugulidwa topakapaka kale utoto, malo osewerera ndi mafiti 3 m'litali ndi m'lifupi, ndipo m'malo mwa kulemba pa pepala munthu amatembenuza kambale kobisa kosonyeza ulendo wa combo. Nkhondo imatha m'ora limodzi ndi mphindi zowerengeka, cotero iyenera munthu woweruka mocedwa amene adzalawirira ku nchito.

Tsopano mau a ndalama. Tizombo ta m'sitolo ndi todula, ndipo kampani ingaleke masewera ace. M'caka ca 2024 eni ace a X-Wing analengeza kuti sadzapanganso zatsopano za masewerawo. Koma malamulo a Full Thrust anaikidwa pa intaneti kwaulere, ndipo salamula kuti mugule tizombo ta kampani iriyonse. Zitsekerero za mabotolo kapena makatoni odula bwino akwanira, malinga mwalembapo kumene kuli mphuno. Ngati tebulo lanu ndi laling'ono, werengani masentimita m'malo mwa mainchi. Musatenge ndalama ya ufa kugulira zombo musanadziwe ngati masewerawo mudzawakonda, ndiponso ngati muli ndi mnzanu wosewera naye.

Cacikuru ndi ici: musanaike kacombo pa tebulo, panganani zinthu zitatu. Zombo ziyenda m'njira iti? Wopambana adzadziwika bwanji? Mudzaleka nthawi yanji? Mikangano yambiri pa masewerawa imabuka cifukwa wina anali kusewera nkhondo yoononga zombo pamene mnzace anali kusewera yopulumutsa katundu, ndipo aliyense ayesa kuti wapambana. Yambani ndi njira yapafupi, zombo ziwiri aliyense, ndipo zobvutazo zidzabwera m'mbuyo. Tsalani bwino nonse.