Chikwama cha pangozi: yambani ndi madzi

Namondwe Freddy atawomba mu Malichi 2023, mabanja ambiri ku Chilobwe mu Blantyre anathawa chimanjamanja. N'chifukwa chake ndimati nyumba iliyonse ikhale ndi chikwama cholongedzeratu: tochi, wailesi ya mabatire, machesi, mankhwala ndi ziphaso zokulunga m'pulasitiki.

Koma anzanga, ine choyamba kuponyamo ndi WaterGuard. Chifukwa? Madzi osefukira amakokolola zonyansa za m'zimbudzi n'kukazithira m'zitsime, kolera n'kubuka. Klorini amapha tizilomboto, bola mudikire mphindi 30 musanamwe.

Osayiwalanso Thanzi ORS, wobwezeretsa madzi ndi mchere m'thupi la wotsegula m'mimba. Akatha, sungunulani masipuni a tiyi 6 a shuga ndi theka la sipuni ya mchere mu lita imodzi ya madzi otetezedwa. Njala munthu amaipirira masabata, koma ludzu masiku owerengeka chabe.