Mkono wa galimoto umalira usanathyoke

Namondwe wa Freddy atagunda mu Malichi 2023, mapolo ndi nthambo zamagetsi zinagwa m'madera ambiri a Phalombe ndi Mulanje. Kuti magetsi a ESCOM abwerere, pamafunika munthu akwere pamwamba. Ena amakwera polo ndi lamba, koma pali magalimoto apadera okhala ndi mkono wautali, kunsonga kwake kuli ndowa yoimamo munthu. Moyo wa wantchitoyo umadalira mkono umenewo.

Gawo lakumtunda la mkonowu nthawi zambiri limapangidwa ndi fibreglass, ulusi wa galasi womatidwa ndi pulasitiki, chifukwa sadutsa magetsi. Vuto lake n'lakuti ming'alu imatha kuyambira mkati, kunja kukuoneka bwinobwino. Ndiye makaniko adziwa bwanji?

Tengani nsungwi youma, muipinde pang'onopang'ono. Isanathyoke mumva kuti the, the, the. Kameneko ndi kuduka kwa timitsitsi ta mkati. Chitsulo ndi fibreglass zimachitanso chimodzimodzi: mng'alu ukamakula, mphamvu yomwe inasungika imatuluka ngati mafunde oyenda m'kati mwa chinthucho. Khutu lathu limamva kuyambira 20 Hz mpaka 20,000 Hz, pomwe mafunde amenewa ambiri amapitirira pamenepo. N'chifukwa chake pamafunika makina omvetsera, ndipo njira yake imatchedwa acoustic emission.

Akatswiri amamata timasensa tambiri pamkono. M'kati mwake muli timiyala ta piezoelectric, tomwe timatulutsa magetsi pang'ono tikatekeseka, zimene Pierre ndi Jacques Curie anatulukira mu 1880. Poyesa ngati sensa ikumva, amathyola kansonga ka pensulo pamkonopo. Kenako amakoka mkonowo ndi katundu wolemera kuposa wa pantchito, mundowa mulibe munthu, kompyuta n'kumawerenga kulira kulikonse. Ku America njira imeneyi inalembedwa mu muyezo wa ASTM F914.

Malo a mng'alu amapezeka ndi masamu a nthawi. Mkokomo umayenda pafupifupi mamita 340 pa sekondi mumpweya, koma m'chitsulo umafika cha m'ma 5,000. Sensa yomwe yamva koyamba ndiyo yayandikira mng'alu, ndipo kusiyana kwa nthawi kumaloza pamalo penipeni.

Pali chinanso. Mu 1950, Joseph Kaiser wa ku Germany anaona kuti chitsulo chabwino chikanyamula katundu kachiwiri chimakhala chete mpaka kulemera kupitirire kwa poyamba. Choncho mkono ukayamba kulira msanga pa ulendo wachiwiri, kapena ukamalirabe katundu atangokhala osawonjezedwa, ndiye kuti wawonongeka. Galimotoyo isapite kuntchito isanakonzedwe.

Inu a Fomu 3 ndi 4, yesani izi: mnzanu aike khutu kumapeto kwa desiki, inu muthyole kansonga ka pensulo kumapeto enawo. Kenako adzutse mutu, mubwereze. Wamva bwino liti, ndipo n'chifukwa chiyani?