Nthenda ya M'mafupa Yotchedwa Myeloma

Myeloma ndi khansa ya m'mafuta a m'mafupa, ndipo imagwira makamaka achikulire. Msana umawawa kosaleka, magazi amachepa, mafupa amathyoka msanga.

Thupi linapangidwa ndi tizigawo tating'ono totchedwa maselo. Selo lililonse lili ndi kamtondo kake, proteasome, kosinjira mapuloteni owonongeka. Maselo a myeloma amapanga mapuloteni ochuluka kopambana, tsono zinyalala zawo nzambiri. Mankhwala a bortezomib, amene analoledwa ku America mu 2003, amatseka kamtondoko. Zinyalala zimaunjikana, maselo a khansa nkufa. Sachiritsa kotheratu, koma amatalikitsa moyo.

Aphunzitsi auze makolo kuti msana wowawa miyezi yambiri si wa khasu nthawi zonse. Wodwala apite kuchipatala. Kukafunika adzamtumiza ku Kamuzu Central Hospital ku Lilongwe kukapimidwa magazi ndi mafupa.