Ambuje, mphunzitsi wa pakhonde ku Machinga ndi Balaka

Bambo wa zaka 40 ku Ntaja kapena ku Ulongwe akafunsidwa amene adamuphunzitsa kuluka mono kapena kusema mpini wa khasu, kawirikawiri satchula bambo ake omubereka. Amatchula agogo aamuna, amene Ayao amawatcha ambuje.

Gwero lake ndi chikamwini. M'midzi yambiri ya maboma awiriwa, mwamuna amakakhala kwawo kwa mkazi, choncho mwana amakulira pafupi ndi bambo a mayi ake. Nkhalambayi idafika pamudzipo ngati mkamwini, ndipo mphamvu pa mbumba zili m'manja mwa malume. Koma apa mpamene pagona ubwino wake. Bambo amaopedwa, malume amaweruza, pamene agogo amaseka ndi mdzukulu, kudya naye mbale imodzi, mwinanso kumamutcha mdzukulu wamkazi kuti "mkazi wanga". Zimene mwana amachita nazo manyazi pamaso pa makolo amakaululira agogo.

Agogo a m'badwo umenewo adali oyenda. Ambiri adapita ku Joni kudzera ku Theba, bungwe lolemba anthu ntchito, kukagwira ntchito m'migodi ya golide, nabwerako ndi njinga, wailesi, bulangete komanso chifuwa chosatha. Ulendowu udaima kwa kanthawi mu 1974, ndege itagwa ku Francistown n'kupha Amalawi oposa 70 amene ankabwerera kwawo. Dr Kamuzu Banda adaletsa kulemba anthu ntchitoyo kwa zaka zingapo. Ena adaona ndi maso awo njanji yochokera ku Nkaya, kudutsa pa Liwonde mpaka ku Nayuchi, ikutsegulidwa mu 1970. Akamati Kasupe, adzukulu ankadabwa, osadziwa kuti ndilo dzina lakale la boma la Machinga, limene Balaka idali mbali yake mpaka 1998.

Phindu la nkhani zawo lidaonekera bwino ku nyanja ya Chilwa. Nyanjayi itaphwa mu 1995, asodzi achinyamata a ku Mposa ndi ku Namanja adaona ngati dziko latha. Mabwato adagona pamatope ong'aluka, matemba adasowa. Okalamba okha ndiwo sadatekeseke kwambiri, pakuti adaziona kale mu 1968. Ankadziwa kuti milamba imabisala m'matope ndi m'maiwe a mitsinje, ndipo madzi akabwerera nsomba zimaswananso. Ankadziwanso kuti pa nthawi yotere munthu amatsamira khasu ndi dimba. Nyanja itaphwanso mu 2018, anyamata a 1995 aja ndiwo adali kulimbitsa mtima ana awo ndi mawu omwewo.

Kudadzanso Edzi. M'zaka za m'ma 1990 matendawa adatenga makolo ambiri, ndipo okalamba adayambanso kulera. Munthu wofunika kupuma adabwerera ku munda wa thonje ku Utale kapena ku Phalula kuti mdzukulu apeze yunifolomu ndi makope. Alipo aphunzitsi ndi anamwino lero amene fizi yawo ya ku sekondale idachokera ku mbuzi ya agogo.

Chopweteka mtima n'chakuti imvi zomwezo zasanduka mlandu. Mwana akadwala kapena mvula ikachedwa, ena amaloza chala nkhalamba kuti ndi mfiti, ndipo chaka ndi chaka m'dziko muno okalamba amamenyedwa, ena kuphedwa kumene, nthawi zambiri ndi abale awo. Mu 2024 Nyumba ya Malamulo idavomereza lamulo loteteza okalamba, ndipo ndalama za Mtukula Pakhomo zimafikira ena mwa iwo. Zonsezi n'zofunika, koma nkhanza zimachitikira pakhomo, kumene wapolisi amafika zinthu zitaipa kale.

Amene adapita ku Theba atsala ochepa. Inu amene agogo anu akadali moyo ku Nsanama, ku Nselema kapena ku Kankao, pitani mukawaone mwezi uno. Muwatengere shuga ndi sopo, mukhale nawo pakhonde, ndipo akayamba kusimba za ku Joni, mutsegule foni mujambule mawu awo.